KAPINGA WA PABWALO PATHU

Mawu a lero: kapinga, bwalo, dzinja, chilimwe.

ka - pi - nga
ka ke ki ko ku
pa pe pi po pu
nga nge ngi ngo ngu

Tiwerenge pamodzi

Amayi ndi abambo, tisanapite patali ndi phunziro la lero, tiyeni tituluke panja tikaime pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Taonani mizu yake. Ili pamtunda, ndipo ana amakhalapo ngati pampando. Kodi mtengowu unamera chomwechi? Iyayi. Muzu umamera m'nthaka. Ngati lero tikuuona, ndiye kuti dothi limene linaukwirira linachoka.

Taonaninso makonde a nyumba zakale za m'mudzi muno. Pamene ankamanga, mwana wokwawa ankakwera yekha pakhonde. Lero munthu wamkulu amachita kuponda pamwala kuti akwere. Nyumba siinatalike. Bwalo ndilo linatsika.

Nanga dothi limenelo linapita kuti? Lina linapita ndi tsache. M'mawa uliwonse timasesa, ndipo pamodzi ndi zinyalala timaola dothi pang'ono n'kukataya kudzala. Lina linauluka ndi kamvuluvulu wa mu Okutobala. Koma lambiri linapita ndi mvula. Kuno ku Maravia mvula yoyamba imagwa mwaukali pa nthaka youma ndi yopanda chofunda. Madzi ofiira aja amene amathamanga pabwalo ndi dothi lathu. Amalowa m'kanjira, kanjira kamasanduka chigwembe, chigwembe chimathira mumtsinje. Mitsinje yathu yonse imatsikira ku Zambezi. Ina imathira m'nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza mu 1974 atatseka mtsinje pafupi ndi Songo. Dothi la pakhomo pathu likafika kumeneko silibwereranso.

Nthaka imafuna chofunda. Chofunda chosagula, chimene tili nacho kale, ndi kapinga.

Mdani wa kumunda

Tsiku loyamba limene tinanena mawu awa m'kalasi, anthu anaseka. Agogo ena aamuna anati, "Aphunzitsi, inu ndinu ana. Ife tatha makasu kulimbana ndi kapinga, ndiye lero mukuti timubzale?"

Agogowo sananame. M'munda kapinga ndi mdani. Ukamudula, chidutswa chilichonse chimamera. Ukamukwirira, amatulukira pena. Ali ndi zingwe zoyanga pamwamba pa nthaka, ndipo pa mfundo iliyonse pamatuluka mizu. Alinso ndi zingwe zina zoyera zoyenda pansi pa nthaka. Pa dothi lakuya mizu yake imatha kulowa pansi kupitirira mita imodzi. Koma taganizani. Khalidwe lomwelo limene limatilizitsa kumunda ndilo tikulifuna pabwalo. Udzu wosamva khasu sumvanso mapazi a ana, sumva dzuwa, ndipo sulola kuti madzi anyamule dothi. Anthu a m'maiko ena amaugula ndi ndalama kuti abzale pa mabwalo a mpira. Ku America amautcha Bermuda. Ife timaupeza m'mbali mwa msewu ndi m'mphepete mwa dambo.

Amayi ena anafunsa funso lolemera kuposa limeneli. Anati, "Pabwalo posesa timaona pamene padutsa njoka. Nanga pa udzu tidzaona bwanji? Ndiponso mlendo akapeza udzu pakhomo, sadzati mkazi wa pano ndi waulesi?"

Sitikunena kuti tsache litayidwe. Pali malo oyenera kukhala oyera chaka chonse. Kuzungulira nyumba tisiye mapazi awiri opanda udzu, kuti tione njira ya chiswe ndi ya njoka, ndiponso kuti moto usafike ku denga. Pansi pa nkhokwe, pamtondo, pakhomo pa khitchini ndi poyanika ufa pakhale posesa. Bwalo la gule nalonso lili ndi eni ake ndi mwambo wake, ife sitilikhudza. Kapinga malo ake ndi pamene madzi amathamanga ndi pamene fumbi limabuka: kunsi kwa nyumba, kuzungulira chitsime kapena mjigo, m'mbali mwa njira yotsikira kumtsinje, ndi pabwalo la sukulu. Za njoka, yankho ndi chikwakwa. Njoka imabisala mu udzu wautali. Pa kapinga wofupika ngati chala imaonekera patali.

Dzinja: kubzala

Mvula ya chizimalupsa isatinyenge. Imagwa tsiku limodzi, kenaka dzuwa limabwerera masabata awiri kapena atatu. Tidikire mpaka nthaka itakhuta, monga momwe timachitira ndi chimanga. Kawirikawiri nthawi imeneyi ndi mwezi wa Disembala.

Tikudziwa kuti mwezi umenewu manja onse ali kumunda. N'chifukwa chake tisayambe ndi bwalo lonse. Tisankhe malo amodzi amene akukokoloka kwambiri, tigwirepo ntchito madzulo amodzi. Chaka chamawa tidzaonjezera. Mbewu siivuta. Kapinga yemwe uja tikuzula m'mizere ya chimanga timunyamule m'dengu, tibwere naye kumudzi.

Tigaule nthaka pang'ono, kuya kwake ngati chikhatho. Tichotse miyala, mizu ya nansongole ndi timbatata ta dawe, chifukwa tikazisiya lero tidzalimbana nazo zaka zambiri. Tisakanize dothi ndi manyowa akale a m'khola, akuda ndi osanunkha. Maenje tiwakwirire kuti madzi asadzaime.

Kenaka tilembe timizere ndi khasu. Timizereti tipingase kutsetsereka kwa malo, tisatsate njira ya madzi. Pakati pa kamzere ndi kanzake pakhale masentimita 30, ndiko kuti phazi la munthu wamkulu ndi zala ziwiri kapena zitatu. Tidule zingwe za kapinga kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu. Mfundo ziwiri zilowe m'dothi, yachitatu ndi masamba ake ikhale kunja. Tikatero tipondepo ndi chidendene. Kuponda kumeneku musakuiwale. Chidutswa chongoikidwa pa dothi lotakasuka chimauma mizu isanagwire.

Tiwerengere. Malo athu ndi aatali mamita 6. Mita imodzi ili ndi masentimita 100. Ndiye kuti mamita 6 ndi masentimita 600. Tikagawa 600 ndi 30 tikupeza 20. Tidzalemba timizere 20.

Ntchito yotsala ndi mpanda. Nkhuku zimafukula, mbuzi zimazula, ndipo nkhumba imodzi itha kutembenuza ntchito ya anthu khumi usiku umodzi. Nthambi za minga zikwanira. Zikhalepo miyezi iwiri. Mvula ikamagwa bwino, pofika kumapeto kwa Febuluwale timizere timakhala titakumana, dothi losaonekanso. M'masabata oyamba tizule chisoso ndi bonongwe ndi manja zisanachite maluwa. Bonongweyo apite kumphika.

Dzinja: kutchetcha

Apa ndi pamene ife tinalakwitsa chaka choyamba. Tinatanganidwa ndi kupalira, ndipo kapinga wa pasukulu anakula mpaka m'miyendo. Tsiku lina tinamutchetcha yense mpaka pansi penipeni, tili okondwa kuti tamaliza kamodzi. Patapita masiku atatu bwalo linali lachikasu, zitsotso zokhazokha. Dzuwa linalowa mpaka padothi, ndipo chisoso chinamera kapinga asanadzuke.

Masamba ndiwo khitchini ya udzu. Ndimo umaphikira chakudya chake ndi dzuwa. Tikachotsa masamba onse nthawi imodzi, udzu umadya chakudya chimene unasunga m'mizu, ndipo mizu imafooka. Lamulo lake ndi ili: tigawe msinkhu wa udzu patatu, tidule gawo limodzi lokha la pamwamba. Kapinga akafika masentimita 6, timutsitse pa masentimita 4. Mu Januwale ndi mu Febuluwale izi zikutanthauza kutchetcha sabata iliyonse, kapena pakapita masiku khumi. Zikumveka zambiri, koma udzu waufupi sulimba. Anthu awiri amamaliza bwalo la nyumba madzi a nsima asanawire. Ndipo kapinga wodulidwa kawirikawiri amayanga cham'mbali n'kulukana ngati mkeka, pamene wosiyidwa amangothamangira kumwamba.

Chikwakwa chikhale chonola. Chobuntha chimang'amba masamba, ndipo nsonga zake zimauma. Titchetche mame atauma, ana ali kutali. Tiudzu tating'ono todulidwa tisiye pomwepo, timaola n'kubwezera chakudya m'nthaka. Koma milu ikuluikulu tiiole, tikapatse akalulu kapena tikathire pa mulu wa manyowa, chifukwa mulu ukagona pa kapinga umamuoletsa.

Mdani uja tisamuiwale kuti ndi mdani. Ngati pafupi pali dimba la ndiwo kapena maluwa, tikumbe kangalande pakati, kotambalala ndi kozama ngati khasu. Mwezi uliwonse tiyende m'kangalandemo tikudula zingwe zimene zikuwoloka. Tikazilekerera dzinja limodzi, tomato wathu adzakhala m'manja mwa kapinga.

Zinthu ziwiri tiziyang'anire m'dzinja. Choyamba ndi madzi oima. Udzudzu suswana mu udzu, umaswana m'madzi. Pathithi paliponse tithirepo dothi, kapinga adzabowola n'kutulukira pamwamba. Chachiwiri ndi ntchembere zandonda. Mbozi zimenezi zimaoneka zambirimbiri nthawi imodzi, ndipo zimakonda udzu wanthete. Kapinga akadyedwa amaphukanso. Choopsa n'chakuti zikamaliza pabwalo zimalowera ku chimanga ndi mapira. Tikaziona tidziwitse amfumu ndi alangizi a zaulimi tsiku lomwelo.

Masika ndi chisanu

Mvula ikamatha mu Epulo, kapinga amachepetsa kukula. Ife tikweze dzanja. Kutchetcha komaliza kusiye udzu wotalikirapo, ngati chala chamkombaphala. Umenewu ndiwo udzaphimba nthaka miyezi yonse ya dzuwa. Nthaka ikadali ndi chinyontho tiwaze manyowa akale osefa, mopyapyala, masamba azionekabe. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi, zimawaula udzu.

Nthawi yokolola mphasa ndi matumba zimachuluka pabwalo. Mphasa ikagona malo amodzi sabata yathunthu, pansi pake pamasanduka chikasu. Tiziisuntha, kapena tiyanike pamalo posesa paja.

Mu Juni ndi mu Julayi, makamaka kumtunda cha kumalire ndi Zambia kumene kumazizira kwambiri, kapinga amagona. Sitimutchetcha, sitimuthira manyowa. Ntchito ya miyezi imeneyi ili kunja kwa bwalo. Pamene tikumweta udzu wofolera nyumba, tilambulenso mseu wotchinga moto kuzungulira mudzi ndi sukulu, tchire lisanaumiretu.

Chilimwe

Iyi ndiyo nyengo imene anthu ambiri amataya mtima. Kuyambira mu Ogasiti kapinga amafiira. Pofika mu Okutobala amaoneka ngati chiguduli. Munthu wodutsa amati, "Ntchito ya aphunzitsi ija yafa."

Tisatsutsane naye ndi pakamwa. Titenge khasu, tikumbe pang'ono, tizule chingwe cha pansi. Tichikande ndi chikhadabo. M'kati mwake ndi moyera, ndi mwauwisi. Kapinga sanafe. Wataya masamba kuti asunge madzi, monga momwe mlambe umachitira. Moyo wake uli pansi, ukudikira mvula. Ngakhale m'zaka za chilala, monga 2016 ndi 2024 pamene chimanga chinapserera m'madera ambiri a Tete, mizu yotere imapirira pamene mbewu za m'munda zalephera.

Ndiye ntchito yaikulu ya chilimwe ndi kudziletsa. Pali zinthu zitatu zimene manja athu amalakalaka kuchita.

Choyamba ndi kutentha. Tinazolowera kuti pa lupsa pamaphuka msipu msanga, ndipo n'zoona. Koma msipu umenewo umatuluka ndi chakudya chimene muzu unasungira dzinja. Gawo lalikulu la chonde cha m'masamba limapita ndi utsi, ndipo phulusa lotsalalo limauluka ndi mphepo. Nthaka imakhala yamaliseche pa nthawi yomweyo imene mvula yaukali ikubwera. Komanso kumbukirani kuti moto wa pabwalo uli pafupi ndi denga la udzu ndi nkhokwe. Anyamata osaka mbewa auzidwe mawu amenewa ndi akuluakulu, osati ndi aphunzitsi okha.

Chachiwiri ndi kupala. Udzu wouma suoneka bwino, ndipo dzanja limathamangira khasu ndi tsache. Tiusiye. Ngakhale wouma, ukugwirabe ntchito. Ukutchinga dzuwa, ukugwira fumbi limene likanalowa m'maso mwa ana ndi m'mitsuko. Masamba a mitengo ogwerapo tiwaole ndi tsache lofewa, dothi lisakhudzidwe.

Chachitatu ndi kuthirira. Ena a ife tinaona mabwalo obiriwira mu Okutobala ku Songo kapena mumzinda wa Tete, ndipo mtima unasirira. Kumeneko kuli mipope. Tiyeni tiwerengere kuti kwa ife zingatenge chiyani.

Kuti kapinga akhale wobiriwira m'nyengo yotentha, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amafuna madzi pafupifupi malita 25 pa sabata. Tinene kuti bwalo lathu ndi la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Tikachulukitsa 20 ndi 10 tikupeza 200. Tikachulukitsa 200 ndi 25 tikupeza malita 5,000. Ndowa imodzi imalowa malita 20. Tikagawa 5,000 ndi 20 tikupeza ndowa 250.

Ndowa 250 pa sabata imodzi! Adzasenza ndani? Tonse tikudziwa mitu imene imasenza madzi m'mudzi muno, ndipo tikudziwa kuti mu Okutobala amayi amadzuka nkhuku zisanalire kukaima pamzere. Madzi a pamjigo ndi a anthu, kenaka a ziweto, kenaka a dimba la ndiwo. Kapinga alibe gawo pamenepo, ndipo salifuna. Mphunzitsi kapena mkulu aliyense wotuma ana kukatunga madzi othirira udzu m'chilimwe walakwa, ngakhale kukubwera alendo ochokera ku Fingoè.

Madzi amene kapinga angalandire ndi otsala: osambira, otsukira mbale, ochapira. Ngati tikufuna kamalo kobiriwira kokhalapo madzulo, kakhale kunsi kwa bafa kapena kunsi kwa mjigo kumene madzi amatayikira kale. Pamenepo tisonkhanitse madziwo tithire ambiri nthawi imodzi, dzuwa litapendeka. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumanyowetsa pamwamba pokha, ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwepo. Madzi a mchere wambiri kapena a mafuta ayi.

Mbuzi zimene m'dzinja zimatithandiza kudula kapinga wokhwima, m'chilimwe zimamudya mpaka kumizu. Tisamangirire mbuzi pamalo amodzi masiku ambiri. Pabwalo la mpira, patsogolo pa zigoli ndi pamene pamayamba kuyera. Anyamata asunthe mitengo ya zigoli mapazi angapo, malo akalewo apume, ndipo mu Disembala awabzalenso okha.

Malo sali ofanana

Maravia ndi wamkulu. Wokhala kumtunda, kumene kuli mitengo ya mombo ndi masuku, amalandira mvula yochulukirapo. Wokhala kuchigwa kufupi ndi nyanja, kumene kuli tsanya ndi milambe, ali ndi dzuwa loopsa ndi mvula yochepa. Wakuchigwa abzale malo ochepa, asankhe pamene madzi a padenga amathera, ndipo asatchetche mofupikitsa. Mbewu aitenge pafupi ndi kwawo, kwa kapinga amene anazolowera kale dzuwa la kumeneko. Pali udzu wina wa masamba aakulu wotchedwa kikuyu, wochokera kumapiri a ku Kenya. Ndi wokongola, koma umakonda malo ozizira ndi madzi ambiri.

Pamalo otsetsereka kwambiri kapinga payekha sakwanira, chifukwa madzi amamupitirira asanagwire. Pamenepo tiyambe tayala mzere wa miyala mopingasa, kapena tibzale mzere wa vetiva, kenaka kapinga pakati pa mizereyo.

Nanga mtengo wa mango uja? Pansi pake kapinga sangamere, chifukwa amafuna dzuwa. Tisataye mphamvu. Tizungulize miyala mpaka pamene mthunzi umathera, tithire dothi pa mizu ili pamtunda, ndipo masamba ogwa tiwasiye momwemo. Kapinga ayambire kunja kwa miyala.

Tilembe

Kapinga amagwira dothi.
M'dzinja timabzala ndi kutchetcha.
M'chilimwe kapinga amagona.
Madzi a pamjigo ndi a anthu.

Tikambirane

1. Ndi malo ati pakhomo panu amene ayenera kukhala osesa? Chifukwa chiyani?
2. Bwalo la mamita 10 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi lingafune ndowa zingati pa sabata?
3. M'mudzi mwathu moto wa m'chilimwe umayamba bwanji? Ndani angauletse?

Ntchito ya kunyumba

Dulani zikhomo ziwiri za mtengo wosadyedwa msanga ndi chiswe. Chimodzi mukhome pamalo oyera pamene madzi amathamanga. China mukhome pamene pali kapinga kale, ngakhale m'mbali mwa njira. Pa chikhomo chilichonse lembani chizindikiro ndi mpeni, pamene dothi lalekezera. Lembani tsiku ndi mwezi m'kope mwanu. Mu Epulo, mvula ikatha, mudzayeze ndi zala kuti chizindikiro chakwera motani pa chikhomo chilichonse, ndipo mudzabwere ndi manambala awiriwo m'kalasi.